Chogwirira

Chogwirira cha chivundikiro cha mbaula
chinathyoka Loweruka,
nyama ili pamoto, mvula ya ku Leicester ikuwaza.
Ndinavundukula ndi thaulo, ndinapsabe chala.

A Pritchard anasuzumira pampanda:
"Tayani, zatsopano n'zotchipa."
Ndinangoseka.

Lero ndadula mpini wa tsache lakale,
ndaboola mabowo awiri.
Bawuti imodzi yachita dzimbiri, yakana kutuluka.
Ndaidonthezera mafuta ophikira,
ndainyengerera ngati mwana wokana kusamba.
Yalola.

Mwana wanga Tiyanjane akuti sichikuoneka bwino.
Akunena zoona, chapendama.
Koma dzuwa kuno ndi mlendo wosakhalitsa,
likatuluka sitifunsa zambiri.

Makala ayaka.
Utsi wadumpha mpanda,
ndipo a Pritchard
atulukira ndi mbale yawo.