Yaima pa 37

Yaimanso.
Kamzere kobiriwira kafika pa 37, kakana kusuntha.
Kamuvi ka mausi kauma pakati pa galasi
ngati ntchentche yofera m'tiyi.
Aka n'kachitatu,
ndipo dzuwa la Okutobala likuwotcha malata
a kashopu kathu ka ku Malangalanga.

Mayi Nankhwenya akhala pa kireti ya mabotolo.
Abwera nayo pa kabaza kuchokera ku Kawale,
ataikulunga m'chitenje cha Mvano ngati mwana wodwala malungo.
"Mwananga, ikufuna chiyani?"
"Ikufuna madalaivala, mayi."
Aseka mpaka kutsokomola:
"Tsikira kudepoti, angoti mbwee, akulimbirana anthu."

Ndiyesa kulongosola.
Makinawa akuitana mayina, monga mphunzitsi m'mawa.
Kiyibodi? Ndilipo.
Mausi? Ndilipo.
Koma muli wina m'kalasimu
amene akuyankha zosamveka,
ndipo mphunzitsi wangoti kakasi, choko m'manja,
kuiwala ana ena onse.

A Kanyenda, amene anandiphunzitsa ntchito, ankati:
usalote, usaombeze,
zula chimodzichimodzi, wolakwa adziulula yekha.

Ndizula pulinta. Ndiyatsa. 37.
Ndizula timasipika. 37.
Ndimasula zomangira zinayi, chachisanu chinatayika kale,
ndiitsekula pamimba:
fumbi lofiira la zaka zisanu ndi zinayi,
mphemvu youma, chala cha machesi.
Ndiuzira, ndiyetsemula,
ndipukuta mano a ramu ndi labala ya pensulo,
ndibwezera, ndiyatsa.

Magetsi thi.

Tidikira wometa wa khomo linalo adzutse jenereta yake.
Mayi agula chimanga chootcha, anyema pakati, andipatsa.
Panja kondakitala akukuwa Chinsapo, Chinsapo,
minibasi ikulira pamalo amodzi, osanyamuka.

37.

Ndiyeno ndiitembenuza, ndiyang'ana kumsana bwinobwino.
Pansi penipeni, kuseri kwa chingwe cha magetsi,
kuli kanthu kotalika ngati chala,
koyera kale, tsopano kofiirira,
komangidwa tepi yakuda m'chiuno.
Kadongolo.
Ndikagwedeza, kakana, ndikakoka.

Ndiyatsa.
35. 36. 37.
Ndasiya kutafuna.
38.
Kenako 52, 70, ngati madzi a mu Lingadzi mvula itagwa kumtunda.

"Wovuta ndi uyu, mayi."

Akalandira ndi manja awiri.
Sakusekanso.
"Aka n'ka bambo a kunyumba.
Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi
ankalankhulirapo ndi mnyamata wathu wa ku Joni,
ine ndili kumbuyo kwawo, kusuzumira paphewa.
Chimwalirire iwo, sindinakakhudze."

Ndikanawauza zambiri:
kuti amene anakapanga anatseka zitseko kalekale,
kuti dalaivala wake sapezekanso paliponse,
kuti makina akafunsa kuti ndiwe yani
iko kamayankha m'chinenero chimene palibe akuchikumbukira,
ndipo makinawo, mwaulemu wake wopusa,
amadikira, kudikira, osafuna kupitirira mlendo.
Sindinena.

"Ndiye sikadzagwiranso?"
"Ayi, mayi. Foni yanuyo ikwanira."

Akamanga pangodya ya chitenje,
pamene amamangapo ndalama,
mfundo ziwiri.
Pa mtengo tikangana pang'ono, monga mwa mwambo;
andichotsera ya chimanga chija.

Galasi layera.
Latsala funso limodzi, kabokosi kopanda kanthu:
dzina la mwini wake.
Kamzere kakang'ono kakuphethira, kuphethira.
Zala zanga zili pa kiyibodi.
Jenereta ikugunda kuseri kwa khoma,
wa minibasi uja wapeza munthu womaliza.

Mayi ayang'ana pa mfundo ija, ayang'ana pagalasi,
akonza duku.

"Lemba langa," atero.
"Uyambe ndi N wamkulu."