Masekondi Makumi Anayi ndi Awiri

Malaiti apita ku Kapata konse.
Ndatsala ndi kandulo, laputopu ya batire theka,
ndi mawu a mayi wa ku Chiparamba m'makutu mwanga.

Dzina lake sindikuuzani.
Anadinda chala papepala, inki n'kumutsalira m'chikhadabo,
ine n'kulonjeza kuti akatuluka m'kachipinda kaja,
kuseri kwa kiliniki,
adzakhala Nambala Khumi ndi Zinayi basi.

Chaka chatha kunabwera anzathu ndi fomu.
N'chifukwa chiyani munaleka mankhwala a bipi?
Timabokosi tinayi: mtunda, ndalama, kuiwala, zina.
Iye analoza pa zina.
Ine andituma kukatsegula kabokosi kameneko.

Ndikudina. Akuyamba ndi mtedza,
chalimbana wake amene chiswe chinadya mizere isanu ndi umodzi.
Ndikudzimva ndekha ndikukoka mpweya kuti ndimudule,
kenako ndikuumeza.
Kumaphunziro anatiuza: funsa, ndiye utseke pakamwa.
Wopita kudimba sumusankhira njira.

Kumbuyo kukulira mwana pasikelo.
Mbuzi. Wina akufunsa kiyi wa kufamase.

Mtedza uja ukutifikitsa pankhokwe,
pankhokwe patsamira njinga,
njinga ya bambo a kunyumba
amene ankamukweza Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse
mpaka Febuluwale, pamene anawaika.

Ndiye vuto ndi mtunda, amama?
Funso lopusa, ndalimva kasanu usiku uno.

Ayi, akutero. Mnyamata wanga amapalasa kuposa atate ake.
Mapiritsi ankandiwerengera ndi iwo,
kuika pachikhatho panga, kudikira ndimeze.

Apa ndiye pali chete.

Ndamuyeza: masekondi makumi anayi ndi awiri.
Makina sanagwire m'mene ankapindira ngodya ya chitenje,
kupinda, kutambasula, kupindanso.
Zimenezo zili m'kope langa, m'zilembo zopendekeka,
pafupi ndi mtengo wa mafuta a mota.

Kenako akuseka pang'ono, kuseka kouma:
Asisita akuti magazi anga akuthamanga.
Alekeni athamange, mwanawe.
Mwina akudziwa kumene akupita.

Mawa ine ndi Tiyezye tidzamata timapepala pakhoma la ofesi,
tachikasu, tobiriwira, tofiira,
kuunjika mawu a anthu makumi atatu monga tomato pamsika,
mulu uwu umasiye, mulu uwu njala,
uwu kuopa kukalipiridwa pawindo.
Tiyezye adzati ichi n'chisoni.
Ine ndidzati n'chikondi chimene chasowa ntchito.
Tidzakangana mpaka tiyi azizire,
ndiye tidzabwereranso kukamvetsera mwini wake.

Pambuyo pake ndiwasandutse Chingelezi,
kuti a ku Lusaka awerenge.
Pamalire amenewo pamagwa katundu wambiri
kuposa pa Mwami.
Mwanawe uja sawoloka.

Ndipo ine amene ndinafunsa sindine galasi loyera.
Atate anga ali ndi botolo lawo pawindo ku Mchini,
sindinaliwerengepo n'kamodzi komwe.
Izinso akuti tizilemba, pepala lapadera,
kuti wowerenga adziwe khutu limene linamva.

Tisanasiyane ndinazimitsa makina, n'kumupempha:
mundilole ndiwauze asisita?
Anayang'ana chala chake chabuluu nthawi yaitali.
Auzeni, anatero, koma asandifunse pagulu.

Batire yatsala pang'ono.
Pamzere wa mazana awiri ndi zisanu ndi zitatu
kakadontho kakuphethira, kudikira.
Lamulo likuti ndilembe liwu limodzi: chete.

Ndabwezanso m'mbuyo.
Mwana pasikelo waleka kulira.
Kutali njinga ikudutsa, belu lake lolira mosasa,
ndipo mayiyu, tsopano ndamva,
akugwira mpweya mpaka itapitirira.