Kakadi ka M'thumba la Jekete

Jekete ndinagula pa kaunjika ku Limbe,
chiperoni chitandipeza ndilibe chofunda.
M'thumba lake lobooka, pansi pa nsalu yam'kati,
munali kakadi kochepa ngati chikhadabo cha khanda.

Ndinakalowetsa m'foni pa minibasi ya ku Ndirande
ndikuyembekeza kwaya, kaya zachikondi za azungu.
Chimene chinatuluka
ndi lole ya miyala ikukhuthulira pa denga la malata,
munthu akubangula pansi pa chitsime,
kenaka zii.
Kenaka lipenga limodzi, lowonda, losochera,
ngati mwana wotsala yekha pa depoti.
Ndinazula mahedifoni.
Mayi wa pambali panga anasendeza dengu lake.

Twaibu wokonza mafoni anamvetsera pang'ono chabe.
"Kadi sinafe iyi, achemwali. Amachita kufuna.
Amati nyimbo za chitsulo,
koma izi ndiye zopenga pakati pa zopengazo."
Anandilipiritsabe.

Ine ndimaimba aluto Lachinayi lililonse.
Ndimadziwa pomwe nyimbo imapumira,
pomwe imatembenuka kubwerera kwawo.
Iyi sibwerera kwawo.
Ndikati ndiwerenge ng'oma, phazi limaponda m'malere:
zisanu ndi ziwiri, kenaka khumi ndi imodzi,
kutsimphina kwadala.
Gitala amamukwecha ngati poto wopserera.
Pena mkazi amanong'ona m'chilankhulo chosadziwika,
pena akuseka, kapena akutsamwa, sindidziwa.

Ndinati ndifufuta mawa.
Mawa linadutsa.

Usiku wachitatu magetsi atathima
ndinafika pa nambala naini.
Dzina ilibe, ndi nambala basi.
Imayamba pansipansi, m'mimba mwa nthaka,
kugunda kosamveka ndi khutu koma ndi mano,
nkumakula, nkumakula,
ndipo ndinadzuka pa mphasa thukuta lili kamukamu
chifukwa phokosolo ndinalidziwa.

Ndi mmene linamvekera phiri la Soche
tsiku lija linatsikira m'nyumba za anthu.
Ndinali ku Chilobwe, kwa Tiyanjane.
Ndinangotuluka kukabwereka machesi.

Pa maliro ake tinaimba bwino kwambiri.
Anthu anayamikira.
Mawu anayi, aliyense pamalo pake,
yunifolomu yosita, mpango woyera.
Kukuwa kwanga ndinakupinda ngati chitenje
nkukuika pansi pa sutikesi,
poti aluto sakuwa.

Ndiye uyu wa m'chitsimeyu,
sindimudziwa, sindimva chomwe akunena,
kaya akudandaula za chisanu cha kwawo, kaya za lendi,
koma wafukula sutikesi yanga
ndipo akukuwa mpaka mapeto,
mphindi khumi ndi zinayi,
osapepesa.

M'mawa ndinapita ku ntchito ndi makutu ena.
Pa shedi ya amalume a Namakhwa
nyundo zitatu sizigwirizana, koma sizisemphana.
Girenda ikulira pa chitseko cha mbaula,
chigayo kuseri chikugwira besi,
mlaliki wa pa mlatho wasasa mawu,
sitima ya katundu ikukoka unyolo wake cha ku Makata.
Zaka zonsezi ndimalemba malisiti pakati pa bandi
nkumadandaula mutu.

Ndinawaveka amalume hedifoni imodzi.
Anaima, nyundo ili m'manja, maso ali pa ndowa.
Anamvetsera nthawi yaitali kuposa Twaibu.
"Wang'omayo dzanja ali nalo," anatero,
"koma lata akumenyalo ndi lopyapyala."
Nkubwerera ku ndowa yawo.

A kwaya sindinawauze.
Anganene kuti ndalowa zausatana,
andiike pa mapemphero a Lachitatu.
Ndimaimbabe aluto, pamalo panga.
Koma Lachinayi lapitali, pa vesi yomaliza,
ndinatsetsereka dala theka la sitepe,
kamphindi chabe,
mawu anga nkukhulana ndi a Esinala
ngati zitsulo ziwiri.
Anandiyang'ana. Ndinabwerera mu mzere.

Mwini jekete, kulikonse uliko,
zipi yako ndinakonzetsa.
Thumba lobookalo ndalisiya momwemo.