Kambalame Kopanda Chisa Kuno

Kamabwera mitengo ya mombo itavala masamba ofiira,
fumbi la Okutobala lisanagone,
ine ndili pa uvuni wa makala kuseri kwa Furankungo,
utsi uli m'maso.
Sikalonjera.
Umangoona tsamba likugwedezeka popanda mphepo,
basi, kafika.

N'kobiriwira mofuwa, pamimba ngati nthochi yoyezuka,
kamzere koyera pamwamba pa diso
ngati mwana wasukulu anakakhwatcha ndi choko.
Timangoti timba, poti wochepa aliyense ndi timba,
koma timba wakuno ndimamudziwa, chisa amaluka m'tsekera.
Aka, zaka makumi awiri ndili m'nkhalango muno,
sindinaonepo dzira lake.

Ntchito yake n'kusuzumira kunsi kwa masamba,
kutola timbozi, nsabwe za m'mitengo, tiakangaude,
nthambi iyi, nthambi iyo, mwina chozondoka,
n'kulira kamodzi, motsitsa,
ngati mlendo wofunsa njira pakhomo pa eni.

Chaka chatha Kalisito, mwana wa mlongo wanga,
anagwetsa kena ndi legeni.
Anabwera wefuwefu: Malume, kali ndi mphete!
Ndinakaika pachikhatho.
Bokosi la machesi, kulemera kwake n'komweko.
Kumwendo kunali kachitsulo ka manambala
ndi mawu amene aphunzitsi a Benedita
anawatembenuza kawiri n'kupukusa mutu.
Akuti kwawoko madzi amauma ngati mwala,
akuti kamadutsa nyanja ndi chipululu usiku,
kopanda chiphaso, kopanda kamba
kupatula mafuta a pachifuwa pake.
Ndinaseka.
Ine wa miyendo ngati mitengo ya denga,
kukafika ku Tete ndi matumba atatu panjinga
ndimagona kawiri panjira, ndikubuula.

Sitinakawotche. Panalibe poyambira kudya.
Mphete ija ili m'kabotolo ka fodya pamutu pa mphasa.

Chimanga chikamakhwima kamakhala katasintha nthenga,
kanona, kakuyeserera kanyimbo
kotsetsereka ngati madzi a pathanthwe,
koimbira wina amene sali kuno.
Kenaka m'mawa wina nkhalango ili zii.
Sikatsazika.

Dzulo ndinatsikira kukhwawa
kumene kwatsala mombo umodzi waukulu pakati pa zitsa,
zitsa zanga zomwe.
Ndinauyeza ndi maso: matumba asanu ndi limodzi,
ngongole ya feteleza kwa a Jerevaziyo itha,
nsapato za Kalisito, mwinanso mchere.
Ndinalavulira m'manja, ndinakweza nkhwangwa.
Tsamba linagwedezeka.
Kunalibe mphepo.

Kaya ndi mbale wake wa kamphete kaja, kaya mwana,
kaya kanauloweza mtengo uno kali kutsidya kwa nyanja,
ine sindidziwa.
Ndinangokhala pachitsa
kunola nkhwangwa yonolanola kale
mpaka dzuwa linapendeka,
iko kali kalikiliki pamwamba panga,
osandiyang'ana n'komwe.