Kuwerenga Mitu pa Kaphatenga

Zaka makumi awiri ndi zisanu
ndakhala mlembi wa chipani m'dera lino.
Kaundula ali kwa ine, chidindo chili kwa ine,
ndi cholembera chomangirira ulusi kuti chisasowe.
Chipani chathu sichikonda zachilendo.
Timayamba ndi pemphero, timakhala motsata zaka,
wamng'ono salankhula akulu asanatsokomole.

Lachisanu lija tinadzaza bwalo la sukulu
kudzasankha wotinyamulira mbendera pa mpando wa pulezidenti.
Atatu anafika pa magalimoto a magalasi akuda.
Woyamba anati dziko lolemekezeka limatumiza asilikali.
Wachiwiri anati tiwonjezere ena mazana asanu.
Wachitatu anangogawa zitenje.

Wachinayi anatsika pa kabaza,
nalipira yekha, nadikira chenji.
Yotamu Kachigwada, sajeni wopuma,
khutu lamanzere linagonthera kutsidya kwa malire.
Zaka zake zomaliza ankayendetsa lole,
ija yochoka kubwalo la ndege usiku,
yoyenda mwaulemu ngakhale mumsewu muli zii.

Anati:
"Ine ndawaperekeza kwawo anyamata khumi ndi anayi.
Ulendo wonse palibe anandifunsa kuti tafika pati.
Palibe anapempha kuti tiime ataye madzi.
Pamaliro nonsenu mumati nkhondo simanga mudzi.
Ndangobwera kudzapempha kuti mubwereze mawu omwewo
pano, masana, makadi a chipani ali m'manja."

Chimkuzamawu chinazima.
Anati jenereta yatha mafuta,
koma ine ndinaona dzanja la tcheyamani pa waya.
Achinyamata anayamba: wogulidwa! wamantha!
watumidwa ndi otsutsa ameneyo!
Iye anangowatembenuzira khutu logontha lija.

Kenaka anayi aja anatipatsa misana, maso ku mlambe,
aliyense wa ife akaime kumbuyo kwa amene wamufuna.
Mzere wa woyamba unakhota
mpaka kuzimbudzi za ana a sitandade wani.
Kumbuyo kwa Kachigwada kunali mphepo ndi fumbi.

Ndiye ananyamuka Nachisale wogulitsa mpunga,
amene analandira jombo za mwana wake m'katoni,
chitenje chatsopano cha wachitatu chili m'chiuno.
Anatsatira Che Anubi atelala, tepi ili m'khosi,
ndi mphunzitsi wina amene mwezi wamawa
adzapezeka atasamutsidwira kutali, tonse tikudziwa.
Ena ankapita chozyolika
ngati akufunafuna ndalama yogwa.

Ndinayenda ndi cholembera changa, kugunda phewa ndi phewa.
Khumi ndi asanu ndi awiri.

Mlembi savota. Lamulo limenelo ndinalemba ndine.
Koma wanga Tobiyasi ali ku koleji ya asilikali,
yatsala miyezi itatu kuti amalize,
ndipo amayi ake anasiya kutsegula wailesi.

Ndinalemba khumi ndi asanu ndi atatu.

Tcheyamani anasuzumira, nati, "Mwaonjeza mmodzi."
Ndinati, "Dzuwa lakuthobwani m'maso, bwana,"
ndipo ndinamenya chidindo asanawerengenso.

Kachigwada anagonja, ndani sakudziwa.
Atamuuza kuti atembenuke
anayang'ana kamzere kake nthawi yaitali
monga ankayang'anira katundu asanalize lole,
napereka moni wa m'manja kwa aliyense.
Kwa ine sananene kanthu. Sankadziwa.
Wakabaza uja anali akudikirabe pansi pa mtengo,
ndipo ndinamva akukana ndalama yobwererera.

Lero m'mamawa, kusanache bwino,
ndamva anyamata akuthamanga mumsewu wa ku Senga Bay,
jombo zikugunda pamodzi, nyimbo ili pakamwa.
Ndinaima pakhomo ndi mswachi m'manja
kuyesa kupatula mawu a Tobiyasi.
Sindinathe. Onse amamveka ngati iye.

Kaundula ali m'sutikesi pansi pa bedi.
Lolemba akubwera a kulikulu kudzamuona.