Batani

Tsiku lomwe Lezina ankapita ku Ludzi
anandisiyira zinthu ziwiri:
ngongole ya fizi
ndi kanyama kake m'khola la waya.
Akuti hamusita. Ine ndinkati mbewa yopanda mchira.
Azakhali ake anabwera nako kuchokera ku Chipata,
kanadutsa pa Mwami m'kabokosi ka sopo, osalipira msonkho.
Iye anakatcha Batani,
poti mwana wa telala amatchula zomwe amatola pansi.

Sabata yachitatu kanayamba kudzikanda.
Usiku, magetsi atathima,
ndinkamva kamwendo kake kakugunda waya,
tche tche tche, ngati makina anga ulusi utaduka.
M'mawa ndinakaika pachikhatho:
kuseri kwa khutu ubweya watha,
khungu lili mbuu, likuyoyoka ngati gaga,
pamsana kachilonda kofiira
kosaposa diso la singano.

Pakhonde la shopu aliyense anasanduka dokotala.
Dzoole wowotcherera anati paka oyilo wakuda,
mbuzi zake zinachira mphere ndi yemweyo.
Mayi wa zitumbuwa anati thira ufa wophera anankafumbwe.
Wakabaza anaseka mpaka kutsika panjinga:
Akulu, mchere ndi tsabola, nkhani yatha!

Sindinamukwiyire.
Ine ndemwe ndinakula ndi khasu m'minda ya ku Mkanda,
kufukula mauna, utsi uli m'maso,
akapuku khumi pampani umodzi.
Manja ake ndi omwewa.

Lachiwiri ndinatseka shopu
suti ya ukwati ya mwini ilibe mkono,
ulendo kwa alangizi a ziweto pa boma.
A Chimkwita, munthu wa ng'ombe ndi nkhumba,
anavula magalasi, napukuta, navalanso.
Sikelo yawo sinagwedezeke n'komwe,
mpaka tinakabwereka ya makalata ku positi.
Magalamu makumi atatu ndi anayi.
Kalata yopepuka, yopuma befu.

Anamata selotepi pakhungupo, namatula,
nasuzumira nthawi yaitali m'makina awo.
Mwina ndi nthata, iwo anatero,
mwina ndi utuchi mukuyalawu.
Sindilumbira. Tilimbana nazo zonse.
Anasungunula mankhwala, nasungunulanso,
mpaka ine ndinati angotsala madzi,
kenako kadontho kamodzi kuseri kwa khosi.
Mubwerenso sabata ikatha.
Osakasambitsa, osawonjezera nokha,
ndipo wa oyilo uja mumupatse moni.

Utuchi wa kwa kalipentala ndinautentha kuseri kwa bafa.
Khola ndinalitsuka ndi madzi owira,
n'kuliyanika padenga tsiku lonse.
Poyala ndinang'amba kope langa la miyeso,
momwe muli ziuno ndi mapewa
a anthu omwe sanabwerenso kudzatenga zovala zawo.
Aka n'koyamba kuti andithandize.

Loweruka Lezina anaimba pa foni ya matironi.
Sanafunse za ine, sanafunse za fizi.
Batani ali bwanji?
Ndinayang'ana kadazi kaja ndipo ndinati, akudya.
Sindinaname.
Anali atatutira mtedza m'masaya onse awiri
ngati vendala nthawi yokolola.

Kadontho kachiwiri, kadontho kachitatu.
Mwini suti anabwera kawiri, kachiwiriko ndi amalume ake.
Tsopano pomwe panayera paja pakuda pang'ono,
tiubweya tikutuluka motayana
ngati nazale ya fodya yosowa wothirira,
koma tikutuluka.

Chatsala n'changa.
Waya uja salira usiku
ndipo chete ameneyo ndiye sandigonetsa.
Ndimadzuka ndi tochi, kupita chonyang'ama,
kukaona ngati mapepala aja akukwera ndi kutsika.
Ndikabwerera pabedi ndimayamba kudzikanda m'khosi.
A Chimkwita akuti zimenezo n'zam'mutu.
Mayi ake a Lezina amangotembenukira kukhoma:
Sukulu atsekera Lachisanu.
Mugone, adokotala a mbewa.