Masekondi Awiri

Loweruka ndinaweruka dzuwa lili paliwombo,
kompresa ndinaifunditsa chiguduli,
ndinalipira mazana asanu pakhomo pa Twaibu
kuseri kwa msika wa Kamuzu Road,
m'kanyumba ka malata kotentha ngati uvuni wa njerwa.

Lero sathamangitsana, anatero Twaibu,
aliyense akulimbana ndi wotchi payekha,
woigonjetsa ndiye adzaime kutsogolo mawa.
Ine ndinasankha yachikasu, nambala 27,
mwina poti imafanana ndi chigubu changa cha girisi.
Inaterereka pakona yomaliza, fumbi koboo,
n'kupezeka yachisanu ndi chinayi.
Msosa wa kabaza anaseka mpaka kutsokomola:
Amwene, mwagula nkhuku ya chitopa.

Lamulungu tinapanikizana ngati matumba a mtedza.
Nyali zisanu zofiira zinayaka imodziimodzi
n'kuzima zonse pamodzi,
sipika yong'ambika ya Twaibu inalira
ngati njuchi zotsekeredwa m'diramu.
Pakona yoyamba ziwiri zinagundana, mapiko mbwee pamsewu,
yanga inadutsa pakati ngati mwana wothawa kusamba.
Yachisanu ndi chiwiri. Kenako yachisanu.
Msosa anayamba kuyang'ana foni yake.

Komatu ine sindinadzere oyendetsawo.
Ndimadikira amuna aja ogwada m'mbali,
zipewa kumutu ngati akupita kumwezi,
anthu makumi awiri pa galimoto imodzi.
Yalowa. Yanyamuka m'mwamba.
Matayala anayi kunja, anayi ena khwee.
Yapita.
Masekondi awiri ndi kanyenyeswa.

Ndinayang'ana manja angawa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pansi pa mtengo wa nimu,
jeke yodontha oyilo, sipanala yowotcherera kawiri,
chala chamkombaphala chomwe limu ya thiraki inachipinda.
Tayala limodzi kwa ine ndi nkhani yonse ya maliro a kwa Maganga
kufikira mtengo wa feteleza.

Kutatsala maulendo khumi ozungulira,
yachikasu ili yachitatu, ikununkhiza yofiira kumsana,
mvula itayamba kuwaza kwawoko,
Lifa wanga anasuzumira pakatani:
Bwana, Sienta yaphulika tayala, muli mkwatibwi,
shehe akudikira ku Lifuwu.

Ndinatukwana chamumtima. Ndinatuluka.

Anthu khumi ndi mmodzi anatsika m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri,
mkwatibwi anakana, nsalu yake ingade,
ndiye tinamukweza naye pamodzi pa jeke.
Lifa, gwira foni, werenga nthawi!
Nati yachinayi inakana, ndinaiponda ndi chidendene,
msomali wa mainchesi atatu ndinauzula ndi pulayala,
chigamba, guluu, moto pang'ono,
kompresa inatsokomola kawiri n'kuvomera.
Azakhali a mkwatibwi anaimba nthungululu
ngati ndine mkamwini.

Mphindi khumi ndi imodzi, bwana.
Sindinachitepo chotere chiyambire.
Palibe anajambula.
Dalaivala anati ndalama adzapereka pobwera.

Nditabwerera ndinapeza mbendera ya madrafuti itagwedezedwa kale,
anyamata atatu pansanja akuthirana mowa wa thovu
woti ungagule kompresa yatsopano.
Wa yachikasu panalibe.
Anamuchedwetsa okonza matayala, anatero Msosa,
nati imodzi inakana, masekondi naini,
wamaliza wachisanu ndi chimodzi.

Kanema anaonetsa mmodzi wa ogwada aja
atakhala pa tayala, chipewa chili pansi,
mutu wadazi, wamsinkhu wangawu,
akuyang'ana manja ake.

Ena onse anatuluka kukagula chipisi.
Ine ndinatsala mpaka Twaibu anazimitsa jenereta,
ndikufuna kumuuza mkulu uja
kuti nati ikakana, achimwene,
umaiponda ndi chidendene.